Mlandu wa Attleboro wa 1927: Ndani Aike Mtengo wa Magetsi Odutsa Malire?

1. Mau Oyamba

Pa 3 Januwale 1927, Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko la United States linapereka cigamulo pa mkangano umene, pouona koyamba, unali waung'ono ndithu. Makampani awiri a magetsi, ina ya mu mzinda wa Providence m'cigawo ca Rhode Island ndi inzake ya mu mzinda wa Attleboro m'cigawo ca Massachusetts, anasemphana pa mtengo umene anapangana zaka khumi m'mbuyomo. Mizinda iwiriyi ndi yoyandikana, mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 20, koma pakati pake pamadutsa malire a zigawo ziwiri. Malire amenewo ndiwo anacititsa kuti nkhani ya mtengo ikafike pokhudza malamulo aakulu a dziko.

Tisanapitirire tiyenera kumvana pa mau ena. M'nkhani muno mau akuti cigawo akuimira lililonse la maboma amene anagwirizana kupanga dziko la United States. Cigawo cotere cili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, bwanamkubwa wake ndi mabwalo ake a milandu, ndipo mphamvu zake sicinacite kubwereka ku likulu. Boma la ku Washington tizilichula kuti boma lalikulu, ndipo nyumba yake ya malamulo ndiyo Congress.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti cigamulo ca Attleboro cinasiya zinthu ziwiri zimene olemba mbiri ayenera kuzilekanitsa. Coyamba ndi maganizo amene oweruza anatsamirapo, amene Bwalo lomwelo linadzawataya mu 1983. Caciwiri ndi mzere umene oweruzawo analemba pakati pa malonda opikulitsa ndi malonda ofika kwa wogwiritsa nchito magetsi, umene Congress inaulowetsa m'lamulo mu 1935 ndipo ukugwirabe nchito mpaka lero. Tiona mmene zinakhalira kuti mzerewo ukhalitse kuposa cifukwa cimene unalembedwera.

2. Magetsi ndi Malamulo Cisanafike Caka ca 1917

Thomas Edison anatsegula nyumba yake yopangira magetsi pa mseu wa Pearl mu New York pa 4 Seputembala 1882. Magetsi a mtundu umene iye ankapanga sankatha kuyenda mtunda wautali, pakuti akapitirira kilomita imodzi kapena ziwiri mphamvu yake inkathera m'nthambo. Cifukwa ca ici, m'zaka zoyambirira malonda a magetsi anali a mu mzinda momwemo. Kampani inkapempha cilolezo ku khonsolo kuti izike mapolo ndi kumanga nthambo m'miseu, ndipo khonsolo yomweyo ndiyo inkakambirana nayo za mtengo. Zinthu zinasintha pamene Nikola Tesla, George Westinghouse ndi anzao anakhazikitsa mtundu wina wa magetsi, umene mphamvu yake imatha kukwezedwa ndi kutsitsidwa ndi thiransifoma. Mu Novembala 1896 magetsi opangidwa pa mathithi a Niagara anafika mu mzinda wa Buffalo, mtunda woposa makilomita 30. Kucokera pamenepo zinali zoonekeratu kuti nthambo zidzadutsa malire a mizinda, kenaka a zigawo.

Malonda a magetsi ali ndi cibadwa cimene malonda ena alibe. Sizipindula kuti makampani awiri amange nthambo ziwiri mu mseu umodzi, motero kampani imodzi ndiyo imatsala, ndipo wogula sakhala ndi kwina kothawira. Kale mu 1877, pa mlandu wa Munn ndi cigawo ca Illinois wokhudza nkhokwe za mbeu za ku Chicago, Bwalo Lalikulu linali litavomereza kuti boma lingaike mtengo pa malonda amene anthu onse amadalira. Mu 1898 Samuel Insull, mkulu wa kampani ya magetsi ya ku Chicago, analangiza eni makampani anzake kuti alole kuyang'aniridwa ndi boma, posinthana ndi ufulu wogulitsa okha m'madera ao. Zigawo za Wisconsin ndi New York zinakhazikitsa makomishoni oyang'anira makampani otere mu 1907, ndipo Rhode Island inakhazikitsa yake mu 1912.

Koma mphamvu ya komishoni iliyonse inali ndi polekezera. Malamulo aakulu a dzikolo, olembedwa mu 1787, anapatsa Congress mphamvu yoyendetsa malonda a pakati pa zigawo, ndipo sananene cimene zigawo zingacite Congress ikakhala cete. Oweruza ndiwo anatsala ndi nchito yomasulira kukhala cete kumeneko. Mu 1852, pa mlandu wa Cooley wokhudza oongolera zombo padoko la Philadelphia, ananena kuti nkhani zina ndi za m'dera ndipo zigawo zingaziyendetse, pamene zina zimafuna lamulo limodzi m'dziko lonse. Mu 1886, pa mlandu wa kampani ya njanji ya Wabash, anagamula kuti Illinois singaike mtengo wa katundu wopita kunja kwa cigawoco, ndipo caka cotsatira Congress inakhazikitsa komishoni yake yoyang'anira njanji.

Milandu iwiri ya gasi woyenda m'mapaipi ndiyo inayala mphasa ya mlandu wathu. Mu 1920 Bwalo linalola cigawo ca New York kuika mtengo wa gasi wocokera ku Pennsylvania, popeza kampaniyo inkamugulitsa yokha m'nyumba za anthu a mu mzinda wa Jamestown. Mu 1924, pa mlandu wa Missouri ndi Kansas Natural Gas Company, linakaniza zigawo kuika mtengo wa gasi amene ankagulitsidwa kwa makampani ena kuti iwo akamugulitsenso. Kusiyana kwake ndi komwe aliyense amakudziwa pamsika: pali wopikulitsa, amene amagulitsa kwa wamalonda mnzake, ndipo pali wogulitsa kwa munthu amene akukagwiritsa nchito cinthuco kunyumba.

3. Pangano la 1917

Narragansett Electric Lighting Company inali kampani yaikulu ya ku Providence, ndipo ogula ake ambiri anali a m'Rhode Island momwemo. Attleboro Steam and Electric Company inali yaing'ono, yotumikira mzinda wodziwika ndi mafakitale a mphete, ndolo ndi zokometsera zina. Mu 1917 makampani awiriwa anapangana kuti kwa zaka 20 Narragansett izipereka magetsi onse amene Attleboro inkafuna, pa mtengo wapadera. Magetsiwo ankaperekedwa pa malire a zigawo ziwirizo, n'kupitirira m'nthambo mpaka pa siteshoni ya Attleboro, kumene mita inkawawerenga. Komishoni ya Rhode Island inaona panganolo ndi kuvomereza mtengowo. Podalira zimenezi, kampani ya Attleboro inaphwasula makina ake opangira magetsi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, cifukwa kuyambira pamenepo mzindawo unalibe gwero lina.

Caka ca 1917 ndico cimene United States inalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pakati pa 1915 ndi 1920 mitengo ya zinthu m'dzikolo inakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pangano limene linaoneka lanzeru polilemba linasanduka goli kwa wogulitsa. Narragansett, itayesa kamodzi kukweza mtengo n'kulephera, inapereka ku komishoni ndandanda yatsopano ya mitengo mu 1924. Pa pepala ndandandayo inkanena za makampani onse opikula magetsi, koma amene inamukhudza kwenikweni anali mmodzi yekha, Attleboro.

Komishoni inamva mbali zonse ziwiri ndipo inapeza kuti, cifukwa ca kukwera kwa ndalama zopangira magetsi, Narragansett inkataya ndalama pa magetsi opita ku Attleboro, pamene ogula a m'Rhode Island ankalipira mtengo wopatsa kampaniyo phindu loyenera. Inaona kuti zimenezi zikapitirira, kampaniyo idzalephera kutumikira bwino ogula ake ena. Motero inalamula kuti mtengo watsopano uyambe kugwira nchito. Attleboro inacita apilo ku bwalo lalikulu la cigawo ca Rhode Island, ndipo bwalolo, ngakhale linali la kwao kwa Narragansett, linathetsa lamulo la komishoni potsamira pa mlandu wa gasi wa 1924. Komishoni ndiyo inatengera nkhaniyi ku Washington.

4. Cigamulo ca Oweruza Ambiri

Woweruza Edward Sanford ndiye analemba cigamulo m'malo mwa anzake, pa nthawi imene William Howard Taft anali mkulu wa oweruza. Palibe amene anatsutsa zakuti magetsi odutsa malire ndi malonda a pakati pa zigawo. Funso linali lakuti lamulo la komishoni linawakhudza motani malondawo. M'zaka zimenezo Bwalo linkagawa malamulo a zigawo pawiri: ena linkati amalemetsa malonda a pakati pa zigawo mwacindunji, ndipo amenewa linkawakana, ena linkati amawakhudza mozungulira cabe, ndipo amenewa linkawalola. Sanford anati kuika mtengo wa magetsi ogulitsidwa ndi kampani ina kwa kampani inzake ya tsidya lina ndiko kulemetsa kwacindunji.

Komishoni inapereka zifukwa zingapo. Inati Narragansett ndi kampani ya m'Rhode Island. Inati malonda ake ambiri ndi a m'cigawo momwemo ndipo a ku Attleboro ndi kagawo kakang'ono. Inati sikutheka kuteteza ogula a ku Providence popanda kukhudza pangano limene linkawadyera ndalama. Sanford anakana zonsezi. Kwa iye coyenera kuyang'ana sicinali kukula kwa malonda a kampani, koma mtundu wa malonda amene mtengo wake ukuikidwa.

Cifukwa cake camphamvu koposa cinali ici. Ngati Rhode Island ili ndi ufulu wokweza mtengo pofuna kuteteza anthu ake, ndiye kuti Massachusetts nayo ili ndi ufulu wotsitsa mtengo womwewo pofuna kuteteza anthu a ku Attleboro. Waya ndi mmodzi, magetsi ndi omwewo, koma malamulo akanakhala awiri otsutsana, ndipo makampaniwo akanasowa lotsata. Cotero, anatero Sanford, nkhaniyi si ya cigawo ciliconse mwa ziwirizo. Ndi ya dziko lonse, ndipo ngati mtengowo ufunika kuyang'aniridwa, Congress yokha ndiyo ingatero. Pangano la 1917 linakhalabe monga linalili.

5. Maganizo a Louis Brandeis

Woweruza mmodzi yekha, Louis Brandeis, anakana kugwirizana ndi anzake. Asanakhale woweruza mu 1916, Brandeis anali loya ku Boston, kumene anachuka polimbana ndi makampani a gasi, a njanji ndi a inshuwalansi, motero kayendedwe ka malonda otere ankakadziwa bwino. Iye anati nchito ya Narragansett inali ya m'dera, ndipo kuyang'anira kampani yotere ndi udindo wakale wa cigawo. Lamulo la komishoni silinasale anthu a kunja kwa cigawo. Linangocotsa tsankho limene linalipo kale, pamene wogula mmodzi ankalipira mocepa ndipo otsalawo ankamusenzera katundu. Anaonjezera kuti Congress inali isanapange lamulo lililonse pa nkhaniyi, ndipo kukhala cete kwake sikunayenere kumveka ngati lamulo loletsa zigawo kucitapo kanthu.

Titapenda mbali ziwirizi, tikupeza kuti aliyense anaona coona cimene mnzake anacinyalanyaza. Sanford anaona vuto la anthu opanda mau. Munthu wa ku Attleboro sankaponya voti ku Rhode Island, ndipo komishoni imene ikanamukwezera mtengo inalibe cifukwa comuopera. Makina a mzinda wake anali ataphwasulidwa podalira pangano limene komishoni yomweyo inalivomereza. Brandeis anaona vuto la munda wopanda mwini. Bwalo litalanda mphamvu m'manja mwa zigawo zonse ziwiri, silinathe kuipereka kwa wina aliyense, cifukwa bwalo la milandu silingakakamize Congress kupanga lamulo. Malo opanda woyang'anira amenewa ndiwo akatswiri a malamulo anadzawacha mpata wa Attleboro.

Tiyenera kunenanso kanthu pa mau awiri aja, mwacindunji ndi mozungulira. Mauwa amaoneka ngati muyeso, koma sayesa ciliconse. Mtengo wa gasi wa ku Jamestown unakhudza malonda odutsa malire monga momwe mtengo wa magetsi a ku Attleboro unawakhudzira, komabe woyamba unachedwa wozungulira ndipo waciwiri wacindunji. Woweruza ankayamba wasankha mbali, kenaka n'kusankha mau oyenera mbaliyo. Caka comweco ca 1927, pa mlandu wina wa Di Santo ndi Pennsylvania, woweruza Harlan Stone anadandaula za kufooka kwa muyeso umenewu.

6. Mpata ndi Lamulo la 1935

Mpatawo unatseguka pa nthawi yoipa. M'zaka za m'ma 1920 makampani a magetsi ankamezedwa ndi makampani ena aakulu amene nchito yao inali kungosunga masheya, ndipo pamwamba pa amenewo pankakhalanso ena. Pofika 1932 magulu 8 otere ankalamulira magawo 73 pa 100 alionse a malonda a magetsi amene sanali m'manja mwa boma. Kampani yogulitsa m'nyumba za anthu ikagula magetsi kwa kampani inzake ya m'gulu lomwelo tsidya lina la malire, komishoni ya cigawo inalibe mphamvu pa mtengo wopikulirawo, ngakhale kuti ndiwo unali muzu wa mtengo umene anthu ankalipira. Bungwe la Federal Trade Commission linayamba kufufuza magulu amenewa mu 1928. Mu 1932 gulu la Samuel Insull, yemwe uja anayamba kulalikira za kuyang'aniridwa ndi boma, linagwa, ndipo anthu ambiri anataya ndalama zao.

Boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linabweretsa bilu imene Burton Wheeler ndi Sam Rayburn anaiyendetsa m'Congress. Makampani analimbana nayo kolimba, kufikira potumiza kwa aphungu matelegalamu abodza m'maina a anthu wamba, monga komiti ya Hugo Black inavumbulira. Roosevelt anasaina lamulolo pa 26 Ogasiti 1935. Gawo lake loyamba linali lophwanya magulu a osunga masheya aja. Gawo laciwiri, limene linakhala mbali ya lamulo lochedwa Federal Power Act, ndilo linatseka mpata wa Attleboro. Linapatsa Federal Power Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1920 kuti lizipereka zilolezo za madamu opangira magetsi, mphamvu pa zinthu ziwiri: kuyendetsa magetsi m'nthambo pakati pa zigawo, ndi kugulitsa magetsi mopikulitsa pakati pa zigawo. Kupikulitsa linakumasulira kuti ndiko kugulitsa kwa wina amene akukagulitsanso. Mitengo yonse yotere inayenera kukhala yacilungamo ndi yoyenera. Zigawo zinasiyiridwa nyumba zopangira magetsi, nthambo zogawira magetsi m'midzi ndi m'mizinda, ndi mtengo umene wogula wotsiriza amalipira. Mu 1938 Congress inacita cimodzimodzi pa malonda a gasi.

Apa ndipo pali cinthu coyenera kucizindikira. Congress inali ndi mphamvu yolemba mzere paliponse pamene ikanafuna, koma inasankha kuulemba pomwe Sanford anaulemba. Colinga cake cinali kudzaza mpata popanda kulanda zigawo cimene zinali naco kale. Mwa njira imeneyi malire amene anabadwa m'maganizo a oweruza analowa m'buku la malamulo, ndipo sanadalirenso maganizowo kuti akhalepo.

7. Funso la Pangano

Cigamulo ca 1927 cinanena za amene ali ndi mphamvu, koma sicinayankhe funso limene linayambitsa mkangano: kodi kampani imene inasaina pangano loipa ingamasulidwe? Yankho linabwera mu 1956 pa mlandu wa Sierra Pacific Power Company. Mu 1948 kampani ya Pacific Gas and Electric ya ku California, poopa kuti wogula angapite kwina, inapangana ndi Sierra Pacific mtengo wotsika kwa zaka 15. Mu 1953 inakweza mtengowo payokha. Woweruza John Marshall Harlan, polemba m'malo mwa Bwalo, anati kampani singathyole pangano lake pongopereka ndandanda yatsopano ku komishoni, ndipo kucepa kwa phindu pakokha si cifukwa cokwanira. Komishoni ya boma lalikulu ingasinthe mtengo wa m'pangano pokhapokha ngati ukuvulaza anthu onse, monga pamene ukufooketsa kampani mpaka kulephera kupitiriza nchito, pamene ukusenzetsa ogula ena katundu wopitirira, kapena pamene uli watsankho losayenera.

Woyang'anitsitsa aona kuti zifukwa zimenezi zikufanana kwambiri ndi zimene komishoni ya Rhode Island inachula mu 1924. Nkhawa ya Brandeis pa ogula a ku Providence inalandiridwa, ndipo nkhawa ya Sanford pa ogula a ku Attleboro inalandiridwanso, popeza woyesa zifukwazo tsopano anali bungwe losakhala la cigawo ciliconse.

8. Kupeza Mzere pa Waya

Kulemba mzere m'lamulo n'kosavuta kusiyana ndi kuupeza pa waya, pakuti magetsi akalowa m'nthambo zolumikizana sadziwikanso kumene anacokera. Mu 1964 Bwalo linaweruza mlandu wa mzinda wa Colton ku California, umene unkapikula magetsi kwa kampani ya m'California momwemo, koma ena mwa magetsiwo anali ocokera kunja kwa cigawoco. Woweruza William Brennan anati Congress inafuna mzere woonekera bwino, wosafuna kupenda mlandu uliwonse pawokha, motero malonda opikulitsawo anali a boma lalikulu. Mu 1972 Bwalo linapita patsogolo. Kampani ya Florida Power and Light inalibe nthambo yotuluka m'Florida, koma inali yolumikizana ndi kampani ina imene inali yolumikizana ndi ya ku Georgia, ndipo Bwalo linavomereza umboni wa akatswiri wakuti magetsi ao ankasakanikirana.

Cigawo ca Texas cinatengapo phunziro lakelake. Makampani a kumeneko anapewa kulumikizana ndi a zigawo zina kuti boma lalikulu lisawafike. Usiku wina mu Meyi 1976 kampani ina inatumiza dala magetsi kucoka ku Texas kupita ku Oklahoma pofuna kuswa dongosolo limeneli, ndipo milandu yake inatha zaka zingapo; pomaliza mbali yaikulu ya Texas inakhalabe payokha, ndi njira zocepa zolandirira magetsi kucokera kunja. Mu Febuluwale 2021 cisanu coopsa cinaumitsa zitsime za gasi ndi makina opangira magetsi, nyumba ndi malo a malonda oposa mamiliyoni 4 anakhala mu mdima, ndipo boma la Texas linawerenga anthu 246 amene anafa. Zoyambitsa tsokalo zinali zingapo, ndipo zigawo zoyandikana nazo zinali pa mavuto, koma kudzipatula kwa nthambo za Texas kunacepetsa thandizo limene likanafika. Kudzipatula kumeneko ndi mdzukulu wa mzere wa 1927.

9. Bwalo Litaya Maganizo Ake

Mu 1935 mafamu pafupifupi 10 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi magetsi, ndipo boma la Roosevelt linayamba kubwereketsa ndalama kwa makopaletivu a alimi kuti adzimangire nthambo. Mu 1967 Federal Power Commission inanena kuti ilibe mphamvu pa makopaletivu amenewa. Ku Arkansas kunali kopaletivu yaikulu imene inkapikulitsa magetsi kwa makopaletivu ang'onoang'ono 17, ndipo komishoni ya cigawoco itafuna kuyang'anira mitengo yake, kopaletivuyo inadzichinjiriza ndi cigamulo ca Attleboro. Cikanatsatidwa cigamuloco, mpata wina ukanatseguka. Mu Meyi 1983 Bwalo, kudzera mwa Brennan yemwe uja, linati muyeso wa Attleboro unali wacikale ndi wouma, ndipo m'malo mwake linayesa phindu la lamulo kwa anthu a m'cigawo polinganiza ndi kulemera kwake pa malonda a pakati pa zigawo. Arkansas inapambana. Patapita zaka 56, maganizo a Brandeis anakhala pafupi ndi lamulo kuposa a Sanford.

Komabe mzere wa m'lamulo la 1935 sunasunthe, cifukwa Bwalo silingafafanize cimene Congress inalemba pongosintha maganizo ake. Federal Energy Regulatory Commission, imene inalowa m'malo mwa komishoni yakale mu 1977, inapitiriza kuugwiritsa nchito. Mu 1996 inalamula eni nthambo kuti azilola magetsi a makampani ena kudutsamo, ndipo Bwalo linavomereza lamulolo mu 2002. Mu 2016 panabwera milandu iwiri. Woyamba unali wokhudza kulipira ogula amene avomera kucepetsa magetsi pa nthawi imene akusowa. Woweruza Elena Kagan anati komishoni ya boma lalikulu ingayendetse zimenezi popeza zimakhudza mtengo wopikulitsa mwacindunji, ndipo anakumbutsa kuti lamulo la 1935 linapangidwa kuti pasakhalenso malo opanda woyang'anira. Waciwiri unathetsa dongosolo la cigawo ca Maryland lotsimikizira kampani yatsopano mtengo wosiyana ndi wa pa msika wopikulitsa. N'zocititsa cidwi kuti mau aja akuti mwacindunji, amene anatayidwa mu 1983 pomasulira malamulo aakulu a dziko, anabwereranso mu 2016 pomasulira lamulo la Congress.

10. Mau Otsiriza

Mbiri ya mlandu wa Attleboro ikutionetsa kuti cigamulo cokaniza mphamvu cimatha kubala boma lalikulu kuposa limene oweruza ankaliganizira. Sanford ndi anzake anali oweruza osakonda kuti boma lilowerere m'malonda, koma potsekera zigawo khomo anasiya khomo limodzi lokha lotseguka, ndipo patapita zaka 8 Congress inalowa pomwepo, monga inacitira pa njanji mu 1887. Ikutionetsanso kuti mau a woweruza akalowa m'lamulo amakhala ndi moyo waowao, ndipo amapitiriza kugawa mphamvu ndi ndalama ngakhale amene anawayamba atawakana.

Kampani ya Narragansett ikalipo. Mu 2022 inagulidwa ndi PPL ya ku Pennsylvania ndipo imagulitsa magetsi m'dzina la Rhode Island Energy. Magetsi opikulitsa a zigawo 6 za New England, kuphatikizapo Rhode Island ndi Massachusetts, amagulitsidwa pa msika umodzi woyang'aniridwa ndi komishoni ya ku Washington, pamene mtengo wa pa bilu ya banja la ku Providence umavomerezedwa ndi komishoni ya Rhode Island, ndipo wa banja la ku Attleboro ndi dipatimenti ya Massachusetts. Funso limene mizinda iwiriyi inabweretsa mu 1927, lakuti ndani angalankhulire wogula wa tsidya lina la malire, limabukanso paliponse pamene wopanga magetsi ndi wowagwiritsa nchito ali pansi pa maboma osiyana.